Dimba la Che Bakali Lawoloka Mtsinje

Aphunzitsi a Howard, amene boma linawaponya kwathu ku Katuli kuchokera ku Ntcheu, ankati kumayiko ena mapiri amasanza moto mpaka pamene panali mudzi pamasanduka chigwa. Ife tinkangovomera, poti wovala tayi sutsutsana naye. Lathu phiri linasanza madzi ndi miyala, mvula itagwa osapumira. Sipanafe munthu. Koma mtsinje unasiya njira yake n'kukumba ina, ndipo dimba la nthochi la Che Bakali, lomwe linagona tsidya lino, linadzuka lili tsidya lija.

Che Bakali anali mkamwini. Malo anali a akazi awo, a Asiatu. Iwo chawo chinali thukuta. Komabe nthochizo anabzala okha, ndipo ankazisisita kuposa ana awo.

Tsidya lija ndi kwa a Zena, mayi wamasiye. Nkhani inapita kwa tcheyamani wa chipani, amene anayamba waona kaye makadi athu tonse, kenako anagamula kuti malire ndi mtsinje, kuyambira makolo.

"Komatu mtsinjewo wasamuka, bwana," anatero Che Bakali.

"Kadandauleni kwa mtsinjewo."

Lachisanu, potuluka mumzikiti, Che Bakali anatuma ankhoswe kwa amjomba, amalume awo a Zena, kukafunsira mbeta. A Asiatu anazimvera kuchigayo.

"Bambo a Amida, mukukwatira mkazi kapena nthochi?"

"Chipembedzo chimalola anayi, mayi."

"Nanga mtsinje ukakhotera kwa Che Wadi, mwamuna mnzanu uja, mukawafunsiranso Che Wadi?"

A Zena sanavute. Ndowa, ukwati wa Chisilamu, inamangidwa, tinadya mpunga, aphunzitsi anabwereza kawiri. Kutacha, mkwati anatenga chikwanje kulunjika kudimba lake. Mkwatibwi anamuimitsa pakhomo, khasu lili m'manja.

"Mukupita kuti, bambo? Mkamwini watsopano amayamba ndi munda wa apongozi. Mwaiwala? Si inu munakwatirapo kale?"

Munda wa apongoziwo ndi umene phiri linatayapo katundu wake yense. Miyala ina ngati mbuzi, ina ngati ng'ombe yogona. Che Bakali anaigubuduza dzinja lonse, chilimwe chinawapeza pomwepo. Kwa a Asiatu akapita, ankapatsidwa madzi osamba ndi funso lakuti nthochi zili bwanji.

Zinali bwino ndithu. Ankaziona tsiku ndi tsiku, zili poteropo, zonenepa ndi dothi latsopano. Mikoko ankadula ndi mlamu wawo, mchimwene wa a Zena, n'kuikweza panjinga ulendo wa kumsika. Podutsa ankaimba belu, mwaulemu.