Mazenera pa Mfuti ya Ukwati

Ku Darra, chigwa cha amisiri osula mfuti, aliyense amadziwa kuti mfuti sichoka m'shopu isanalankhule. Mmisiri amatuluka nayo pakhomo, kuilozetsa kumwamba, pha! pha! kenako n'kuipereka kwa mwini wake. Zarwali anachita zimenezi kuyambira ndevu zake zili zakuda, koma mfuti ya m'manja imene ankapangira ukwati wa mwana wake Baryal anaiona ngati si inzake ya mfuti zina.

Anaiyesa ikadali chitsulo chosakongoletsa, ndipo inalira bwino. Atatero anagwira msana wake, chitsulo cha pamwamba chija chimabwerera m'mbuyo mfuti ikaphulika, n'kuyamba kuuzokota. Anagoba masamba a mphesa, anapaka golide, koma mtima osakhuta. Anaboola mazenera mbali zonse ziwiri kuti mpope wodutsa chipolopolo uzionekera, n'kuwapala ndi tupa mpaka msanawo unapepuka ngati supuni.

Mng'ono wake Gulbaz, amene ankasula mipope kuseri kwa shopuyo, anainyamula n'kupukusa mutu.

"Achimwene, mukupanga mfuti kapena ndolo za mkwatibwi? Apa mwadya chitsulo chambiri, msanawu uthyoka. Bwerani tikaiombenso."

"Utsi udetsa golideyo. Woyamba kuiomba itavala akhala mkwati."

"Chikomekome cha nkuyutu ichi, achimwene."

"Iwe kasule mipope yako uko. Mwana ndili naye mmodzi ine."

Makani anali nawo bamboyu, tisamubisire. Komabe sikunali kunyada kokha ayi. Baryal anakula akupukuta mfuti za anthu ena, ndipo bambo ake ankangofuna kuti tsiku limodzi chigwa chonse chimusirire mwana wawo.

Tsiku la ukwatilo ng'oma zinalira, amuna akuvina mozungulira, fungo la mpunga wa nyama ya nkhosa lili tolo. Baryal atasolola mfutiyo, ovina anaima kuti aione. Anaikweza m'mwamba akumwetulira. Chipolopolo choyamba chinapita, china chinapitanso. Powombanso, msana unathyokera pazenera pomwepo, chibenthu n'kumubwerera kumaso.

Kuchipatala ku Peshawar adokotala anati diso lamanja lapita, lamanzere tidikire. Zarwali anakhala pambali pa bedi, mtima ukuwawa ngati wathiridwa tsabola, ndipo tiyi amene Gulbaz anamubweretsera anazizirira m'manja. Gulbaz sanamunene ngakhale liwu limodzi. Bola akanamutukwana.

Baryal, mutu wonse uli m'mabandeji, anapapasa pabulangete mpaka anapeza dzanja la bambo ake.

"Baba, m'mawa musanafike kunabwera akuchikazi ndi anthu a mumsika. Amafunsa amene anaboola msana uja."

"Ndikawauza ndekha, mwana wanga. Ndikaima pakati pa msika, onse amve."

"Musavutike. Ndawauza kale kuti ndinaboola ndine mwakabisira, inu mutandiletsa."

"Iwe, wanena chiyani?"

"Ine umisiri wathera pomwepa, Baba. Akamva kuti ndinu, adzagulanso ndani kwathu? Amayi ndi mkazi wangayu adya chiyani?"

Misozi inangoyenderera m'ndevu za Zarwali, ndipo mwanayo sakanaiona. M'khonde munamveka nsapato za alendo ena zikuyandikira.

Baryal anafinya dzanja lija n'kunong'ona. "Akalowa mundikalipireko pang'ono, Baba, kuti akhulupirire."