Mipando Iwiri Patsogolo pa Kalavani

Amuna anga anamwalira tili m'nyumba ya kampani, ndipo kampani sidziwa kulira maliro. Patangotha miyezi itatu inabwera kalata yoti ndichoke. Mwana wanga wamkazi anaimba foni. "Amayi, bwerani kuno. Chipinda tilibe, koma kuseri kwa nyumba malo alipo. Muzidzagona m'kalavani ya ababa."

Kalavaniyo ndi kanyumba ka matayala awiri kokoka ndi galimoto. Malemuwo anaigula yophwasuka n'kuikonza pabwalo zaka zisanu ndi chimodzi, ati akapuma ntchito tizikayenda, kugona kulikonse komwe tatopera. Sitinatuluke nayo ngakhale pageti. Ntchito yawo inali yolemba zikwangwani, ndiye matenda atawagwira miyendo anati ndiwaikire mpando patsogolo pa kalavaniyo. Anajambula pakhoma lake lakutsogololo milungu itatu, burashi ikunjenjemera m'manja: mtengo, pansi pake mipando iwiri, wina waukulu wina waung'ono. Ndinafunsa kuti waukuluwo ndi wa ndani.

"Wanu, mayi. Ine ndiudzaza ndi chiyani, mafupawa?"

Majekete, nsapato, mabokosi a zida, abale awo anagawana mitu ili pansi ngati akuchita manyazi, koma manja akugwira ntchito. Sindinakangane nawo. Chimene ndinkafuna ine n'chakuti chithunzicho chikafike kwa mwana wanga chili momwe mwini wake anachisiyira.

Ulendo wake ndi wa theka la tsiku, ndipo mbali yaikulu ya msewuwo anali atakumba, miyala yokhayokha. Mkamwini wanga anabwera ndi galimoto yake, n'kubweranso ndi makaniko wina amene anthu amangomuti Sipanala. Sipanalayo anadula lamba wakale wa labala, wotambalala ngati chitseko, n'kumupachika chopingasa kumbuyo kwa galimoto kuti azitchinga miyala. Pakati pa labala ndi dothi anasiya mpata wa zala zinayi.

"Bwanji osatsitsa mpaka pansi?" ndinafunsa.

"Akamakwekwereza pansi amatola yekha miyala n'kumaiponya, amayi. Apa ndiye pabwino. Bola akamwini anuwa asathamange ngati akuthawa apongozi."

Mkamwini anaseka. Ine sindinaseke. Ndinalowa m'nyumba n'kutulutsa lona wobiriwira amene tinkafunditsa kalavaniyo nthawi ya mvula, pamodzi ndi chingwe choyanikapo zovala.

Sipanala anaika chida pansi. "Amayi, limenelo ayi. Fumbi likalowa mkati, lona n'kumakupiza ndi mphepo, chimene mwamanga pamenepo ndi sandipepa. Kuli bwino chipite chamaliseche. Miyala iwiri itatu ingadutse, koma timabala take ndi tating'ono ngati nthomba."

Kuyambira tsiku la maliro mwamuna aliyense anali ndi nzeru pa katundu wanga. Khalani apa, sainani apa, izi musiye, izo n'zolemera kwa mayi. Tsono uyunso, wa girisi mpaka m'makutu, andiuze kuti ntchito yomaliza ya amuna anga ndiipereke ku miyala?

"Nthomba zikagwire nkhope yako," ndinatero. "Lona ameneyu wasunga kalavaniyi zaka zisanu ndi chimodzi iwe usanaione n'komwe."

"Itaima, amayi. Wasunga itaima."

"Amayi, mwina timvere amisiri," anatero mkamwini, akuyang'ana nsapato zake.

"Inu mwabwera kudzakoka. Kokani."

Ndinamanga ndekha. Ndinakwera pa ndowa, n'kuzunguliza chingwe kanayi, mfundo n'kukoka ndi mano. Sipanala anatola zida zake, ndipo ndinayesa kuti ndamugonjetsa.

Phula litatha, miyala inayamba kulira pansi pa galimoto ngati matalala padenga. Malole odutsana nafe ankatikwirira m'fumbi mpaka mkamwini kuyatsa nyali masana. Ndikasuzumira pagalasi la m'mbali ndinkaona lona akufufuma n'kuphwa, kufufuma n'kuphwa, phaa phaa. Mtima unkakhala pansi. Ndinkati menya lonayo, mwala iwe, kuseri kwake sufikako.

Kawiri konse mkamwini anachepetsa liwiro. "Amayi, tiime tione mkatimo?"

"Mukatsegula ndiye mulowetsa fumbi. Yendetsani."

Tinafika dzuwa litapendeka. Mwana wanga anatichingamira pageti, n'kundikumbatira, koma ine maso anali kumbuyo. Mfundo zija zinali zitalimba, ndinachita kudula ndi mpeni. Lona atagwa, fumbi linakhuthuka pa mapazi anga ngati wina wabooleza thumba la simenti.

Chitsulo chinali mbee, chosalala, chowala ngati poto wotsukidwa ndi mchenga. Mtengo panalibe. Mipando panalibe. Momwe munadutsa chingwe munali mizere inayi yakuya. Chakumunsi, pakona, panatsala mwendo umodzi wa mpando, sindikudziwa kuti wa uti. Ndinapukuta ndi mpango wanga, kuganiza kuti mwina ndi fumbi chabe laphimba. Ndinapukutanso ndi malovu, ngati mwana.

Ndinazungulira kuyang'ana m'mbali momwe sindinafunditse. Penti inali bwinobwino. Timabala ta miyala ndinatiwerenga: titatu. Titatu basi, tosakwana n'chikhadabo chomwe. Labala wa Sipanala anali atagwira ntchito yake.

Ndinadikira kuti mkamwini anene kuti tinakuuzani. Ndinkafuna anene, ndimulume ndi mawu mpaka anthu atuluke m'nyumba zawo. Koma munthuyo analeredwa bwino mopweteketsa mtima. Anangowerama n'kuyamba kupinda lona, ngodya ndi ngodya, mosamala.

"Palibe amene anachijambula pafoni?" anafunsa mwana wanga.

Palibe. Chinthu chimene umachiona m'mawa uliwonse ukutaya madzi otsukira mbale, ungachijambulirenji?

"Amayi, kuno kuli wopenta wina waluso. Mukamufotokozera bwinobwino, akhoza…"

"Akhoza chiyani? Dzanja lake limanjenjemera?"

Mwana wanga anayamba kulira, ndipo zimenezonso zinandikwiyitsa, chifukwa ine misozi inakana. Miyezi yonseyi ndinkalondera abale, kampani, makaniko ndi miyala ya mumsewu. Wowononga ndinali naye m'galimoto momwemo, atakhala pampando wakutsogolo, chikwama pamiyendo, akulamula.

Mkamwini anamasula kalavani ku galimoto, n'kuitana amuna awiri oyandikana nawo nyumba kuti amuthandize kukankhira kuseri. Malo ake ndi pakati pa mpanda wa njerwa ndi bafa.

"Tiyang'anitse kuti, amayi? Tikalozetsa kutsogoloku ku bwalo, khomo likhala pafupi ndi mpopi."

"Lozetsani kumpanda."

"Mpopi ukhala kutali, muzizungulira."

"Ndizizungulira. Kankhani mpaka igunde."