Foda ya Amake Mapasa

Kukalasi ya makompyuta, pamwamba pa sitolo ya mankhwala paja, panalibe wosamudziwa Changu. Dzina lenileni anali nalo, koma mtsikanayu ankamaliza ntchito aphunzitsi asanamalize n'kufotokoza komwe, kenako khosi tololo pa sikirini za anzake. Pambali pake pankakhala Amake Mapasa, mayi wamkulu ndithu, wolemba ndi chala chimodzi ngati nkhuku ikujompha. Akuti bambo akunyumba anawauza kuti akalephera gawo loyambali, za sukulu zithere pomwepo, azikhala pakhomo.

Linali tsiku loonetsa ntchito. Aphunzitsi anali atanena kuti amene tsamba lake la pa intaneti lioneke bwino ndiye apitirire. Amake Mapasa mwezi wonse ankakonza tsamba la malo osokera zovala, zithunzi za madiresi ndi mayina a nsalu, zokongola zedi.

Ndiye foni yawo inalira, a kusukulu kwa ana. Anatuluka kukayankhira pakhonde.

Changu posuzumira anaona kuti mu edita yawo, pulogalamu ija yolembera khodi, malangizo opangira tsamba, munalibe pulagini yomangira. Kachida kameneka kamatola mafayilo ako onse n'kuwalumikiza kukhala tsamba lomalizika, iwe utangodina batani limodzi. Mayiwa akuzunzikiranji chonchi? Anakoka mpando, kukafufuza, kukaika, n'kudina batani lomangira. Timizere tobiriwira tinathamanga pansi pa sikirini, iye akumwetulira ngati wachita zakupsa.

Atatsegula tsambalo, madiresi kulibe. Panali tsamba lachitsanzo lomwe aphunzitsi anagawira aliyense tsiku loyamba.

Apa m'pamene anakumbukira. Kachidako kasanamange kamayamba kasesa foda yomwe kamaikamo zomalizika, ndiye anthu salembamo m'menemo. Koma Amake Mapasa mwezi wonsewo ankalemba momwemo, nanga si ndi momwe zosintha zinkaonekera msanga. Changu anafufuza mubini ya zofufutidwa, anadina zobweza. Mbee. Atamva nsapato pakhomo anathawira pampando wake.

Amake Mapasa anakhala pansi, anayang'ana, anapukuta magalasi, anayang'ananso.

"Aphunzitsi, tabwerani. Madiresi anga apita kuti?"

Aphunzitsi anawerama, anafufuza pang'ono, n'kupumira m'mwamba. "Amayi, ndinanena kuti mufoda iyi musamalembemo. Nanga pulaginiyi mwaika liti?"

"Kaya. Zala zangazi zimadina zokha. Kapena ndagunda ndi chigongono potuluka."

"Chigongono chophunzira chimenecho, mpaka kuika pulagini," anatero Wandevu, wophunzira wina wokhala kumbuyo, kalasi yonse n'kufa nazo.

Changu sanaseke. Ankangoyang'ana kiyibodi, mtima ukumuuza kuti nena, nena tsopano, koma aphunzitsi anali atamuitana kale. Anapita kutsogolo, tsamba lake linatseguka, anthu anawomba m'manja. Amake Mapasa ndi amene anawomba kwambiri.

Poweruka anawapeza pa masitepe, akulowetsa kope m'chikwama chomwe munali sokosi za ana.

"Amayi..."

"Eya mwana wanga, wabwera bwino. Iwe zinthuzi umazidziwa. Tandiuza pang'onopang'ono, ndalakwitsa pati? Ndikufuna ndikawafotokozere bambo ako kunyumba zomveka, asakati ndimangosewera kuno."

Changu anawauza za foda ija, kuti imasesedwa nthawi zonse pomanga, kuti khodi imalembedwa mufoda inayo. Zonse zinali zoona. Koma zoti batani lija anadina ndi iye, anazilumpha.

"Oo. Ndiye ndinalemba mosesedwa," anatero mayiwo akugwedeza mutu. "Zikomo mwana wanga. Ukanakhala mphunzitsi iwe, bwenzi nditakhoza."

Anatsika masitepe atagwira chitsulo cham'mbali, akubwereza chapansipansi kuti asaiwale: foda yosesedwa, foda yolembamo. Changu anatsala pamwamba, akuwamva mpaka anatulukira mumsewu.