Mapulani a Bambo Lichtner

Lachinayi m'mawa Mable anapeza chipinda cha malemu a Lichtner chili pululu. Bedi loyalidwa bwino, fungo la mankhwala okolopera, ndipo pamwamba pa wadiropu, pomwe pankakhala mipukutu ya mapulani, panalibe ngakhale fumbi.

Anawasamalira mkuluyo zaka zitatu m'nyumba ya okalamba ku Croydon, mu mzinda wa London. Anali Myuda, anafika kuno ali mwana pothawa ku Germany, ndipo atakula anakhala katswiri wojambula mapulani a nyumba. Mdadada wa mafulati a konkire womwe Mable ankakhalamo ku Thamesmead anajambula ndi iwowo. Sankanyadira kutalika kwake ayi, koma kuti khitchini iliyonse anaiyang'anitsa kum'mawa. "Wosauka amalawirira," ankatero, "dzuwa lizimupeza akumwa tiyi."

Tsopano kampani ina inkafuna kuugwetsa, ati ngonyansa. Loya wa anthu okhalamo anati mapulani oyambirira atapezeka, mwina boma lingauteteze. A Lichtner anali atamuuza Mable kawiri konse: "Udzatenge mapulaniwo, mwana wanga."

Anamwalira Lachiwiri. Tsikulo Mable anaima pafupi ndi wadiropu, manja n'kukana. Kugwira katundu wa munthu asanaikidwe n'komwe? Kwawo ku Ntcheu angakutche mfiti. Anati adikire maliro, akapemphe kwa achibale mwaulemu. Suja maliro a ku London amatha milungu itatu anthu akungodikira?

"Anawaika dzulo," anatero Melissa, manijala wa pamalopo, maso ali pakompyuta. "Ayuda sachedwetsa maliro. Sunkadziwa?"

"Nanga mapepala awo?"

"Mdzukulu wawo anati titaye. M'chipindamo mukulowa wina mawa."

"Mutaye? Munthu anapezera anthu mazana anayi pogona, inu mwamulongedza m'majumbo akuda ngati matewera?"

"Mable, tsitsa mawu."

"Akufuna kumva ndani, eni ake mwawataya kale!"

Mable anathamangira kuseri, kumabini. Mvula inali ikuwaza. M'jumbo loyamba munali matewera enieniwo. M'jumbo lachiwiri munali masilipasi a mkulu uja ndi magalasi. M'jumbo lachitatu ndiye munali mipukutu, yopindidwa pakati kuti ikwane, ina itamwa phala lotsala kukhitchini. Anafunyulula umodzi pang'onopang'ono. Mizere yowongoka, timanambala tating'ono ngati nyerere, ndipo pakona dzina lawo ndi chaka, 1967. Ndi chala anapeza nsanjika yachisanu, zenera lachitatu kuchokera pamasitepe. Pake penipeni, pomwe amayanika yunifolomu.

Melissa anatulukira pakhomo ndi ambulera.

"Kutenga katundu wa okhala muno n'kuphwanya lamulo. Ndilemba lipoti. Ndipo ukudziwa kuti viza yako yatsamira pa ntchito ino."

Mable anakumbatira mpukutuwo. Ankadziwadi. Koma mkwiyo unali utafika kale pakhosi.

"Posachedwapa zinali zinyalala, mayi. Ndazigwira ine, basi zasanduka katundu?"

"Sindinapange malamulo ndine."

"Lembani. Mulembenso pomwe ndazitola, ndi zomwe munathirapo."

Melissa anaima pomwepo, ambulera ikudontha, osabwerera m'kati, osayandikira.

Mable anavula jekete n'kukulungamo mipukutu isanu ndi iwiri. Pawadiropu paja inalipo khumi ndi iwiri. Anapinda manja a yunifolomu mpaka m'zigongono, n'kutsegula bini ina.