Koleji ya Majekete Opanda Eni

Komadre wanga Eusebia Limachi anali atatsimikiza zogulitsa benchi lake la mumsika kuti alipirire mwana wake Wara koleji. Wogula anali atapezeka kale, mayi wina wa tchizi, ndipo anapangana zosainirana Lachisanu. Benchi limenelo ndi limene linkadyetsa khomo lonse: Eusebia, ana atatu, ndi amuna ake amene msana unawakhazika pansi kalekale. Wakhala akugulitsa mbatatesi pamenepo zaka makumi awiri, moyandikana ndi ine wogulitsa api, chakumwa chotentha cha chimanga, m'makapu, kuno ku El Alto kumene mphepo imalowa m'mafupa ngakhale dzuwa lili paliwombo.

Ndivomere, vutoli linayamba ndi ine. Wara ndinamunyamula pa ubatizo, n'chifukwa chake ine ndi amake timatchulana komadre, ndipo iye amanditchula madrina. Ndiye pa chikondwerero cha Alasita, tsiku limene aliyense amagula kanthu kakang'ono kofanana ndi chimene akulakalaka, kaya kanyumba kaya kagalimoto, udindo womugulira unali wanga. Pajatu chokugulira wina n'chimene chimakwaniritsidwa msanga. Mwanayo ankafuna kuphunzira za akaunti, choncho ndinamugulira kadigiri kosaposa chikhatho changa, n'kukakafukizitsa lubani 12 koloko masana ndendende monga mwa mwambo. Pa kapepalako panali dzina la koleji ina ndi chithunzi cha mbalame yagolide. Dzinalo sinditchula. Nthawi imeneyo sindinalisamale n'komwe.

Patangotha masiku atatu, bambo wina wa suti yakuda anaima kutsogolo kwa benchi la Eusebia.

"Mayi Limachi? Amake a Wara?" anafunsa akumwetulira. "Tamva kuti mwana wanu akufuna kuphunzira za akaunti."

Eusebia anandiyang'ana, inenso ndinamuyang'ana. Munthuyo tinali tisanamuonepo chibadwire. Anatulutsa kabuku konyezimira m'chikwama. Pachikuto pake panali mbalame yagolide ija, ndi dzina lomwe lija.

Anati tizimutchula kuti Lisensiyado, monga timatchulira anthu ophunzira. Anati zaka zisanu za maphunziro ndi mabolivyano 60,000, ndalama zathu za kuno, koma zilipiridwe zonse pamodzi Lachisanu lisanadutse, apo ayi malo a Wara apatsidwa kwa wina.

"Omaliza kwathu sayendayenda ndi envulopu kufuna ntchito, mayi. Ntchito ndiyo imawafuna."

Atachoka, Eusebia anandigwira mkono. "Komadre, mwaona? Lubani uja wagwira ntchito!"

"Wagwira msanga bwanji? Ine kanyumba kanga ndakafukizitsa zaka zisanu ndi ziwiri, mpaka lero ndikulipira lendi."

"Inu nsanje basi."

"Nsanje ya chiyani, mwanayo ndi wanganso? Tiyeni tikaione kaye kolejiyo. Mbatatesi zanuzi mumagula thumba losamasula?"

Tinapita Lachitatu masana, atatu ndi Wara. Kolejiyo inali pamwamba pa shopu ya matayala. Tinakwera masitepe aatali, ndipo pamene tinkakwera, phokoso la mumsewu linkachepa mpaka linatheratu. Pamwambapo panali zii. Makoma ankanunkha penti yatsopano, pansi pakuwala ngati sipanapondepo munthu. Lisensiyado anatipatsa moni wa m'manja. Dzanja lake linali lozizira.

Kuseri kwa chitseko china kunkamveka mawu a mphunzitsi akufotokoza za misonkho. Eusebia anamwetulira, koma Wara anandinong'oneza.

"Madrina, mphunzitsi ameneyu wabwereza mawu omwewo katatu. Ngakhale kutsokomola akutsokomolera pamalo pomwepo."

Ine sindinabadwe ndi manyazi. Foni ya Lisensiyado italira, ndinakankha chitseko chija. Munali mipando makumi atatu. Pa mpando uliwonse panali jekete yopachika bwinobwino, pena ndi chikwama pansi pake, ngati eni ake angotuluka kumene. Munthu munalibe ngakhale mmodzi. Mawu aja ankachokera m'kasipika kamene kanali pa tebulo. Ndinapaka chala paphewa la jekete imodzi, chala chinabwerako ndi fumbi.

"Ophunzira apita kukadya," anatero Lisensiyado kumbuyo kwanga. Sindinamve kuti wafika nthawi yanji. Anatseka chitsekocho pang'onopang'ono, akumwetulirabe.

Kenako anatitengera ku khoma lodzaza ndi zithunzi za achinyamata ovala mikanjo ya omaliza maphunziro.

"Awa ndi ana athu. Uyu ali ku kampani ya mafuta. Uyu ali kunja. Uyu," analoza mtsikana wa chipsera pachibwano, "ndi Nélida Ticona. Ali ku banki yaikulu ku Santa Cruz. Amatiimbira mwezi uliwonse kutithokoza. Sabata yathayi ndalankhula naye."

Ine ndinali nditaphika api pa maliro a Nélida Ticona zaka zitatu m'mbuyomo. Eusebia ananyamula nawo nkhata zamaluwa. Mtsikanayo ankatiyang'ana ali pakhomapo, akumwetulira, uku mawu a m'kasipika aja akuyambiranso za misonkho. Eusebia anachita chizindikiro cha mtanda. Tinatsika masitepe osatsanzika.

Mu minibasi Eusebia anayesa kudzilimbitsa mtima. "Mwina ndi Nélida wina, komadre."

"Wa chipsera chomwecho?"



Bambo ake a Nélida, a Don Remigio Ticona, amasoka nsapato pa geti la msika wathu. Tinawafikira mwamantha, posadziwa kuti nkhani yotere munthu amaiyambira pati. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anaika hamala pansi.

"Akadali pakhoma?" anafunsa motsitsa mawu. "Ndinapitako kawiri kukawapempha kuti amuchotse."

Anatiuza kuti iwo anagulitsa minibasi yawo kuti alipire koleji yomweyo. Nthawi imeneyo ophunzira analipo ndithu, ndipo Nélida anamaliza zaka zonse zisanu. Koma kulikonse kumene anakafunsira ntchito ankamubwezera pepala lake, amvekere boma silikulidziwa. Anabwerera kogulitsa mayunitsi a foni, ntchito yomwe ankagwira asanalowe koleji, mpaka chibayo chinamutenga.

"Sukulu si yoipa, Doña Eusebia," anatero. "Ine ndi amene sindinafunse. Safunsa anadya phula. Iwe Wara, tabwera pafupi. Utapanda kupita ku koleji, ungamapeze zingati pa mwezi?"

"Mwina 1,500, Don Remigio, nditalembedwa m'shopu."

"Nanga ukamaliza koleji?"

"Akuti 6,000."

"Akuti ndani? Wamuona ndi maso ako munthu amene akulandira 6,000 ameneyo? Tamvera. Chimene chimabweza fizi si malipiro onse ayi, koma ndalama yoonjezerayo, imene sukanaipeza popanda pepala. Nélida analowa ali pa 1,500, anatuluka ali pa 1,500. Iwe wokonda masamu, tandiuza, minibasi yanga ikanabwerera liti?"

Wara anawerama. "Sikanabwerera."

Eusebia anali asanakhutirebe. "Koma Don Remigio, munthuyo dzina la mwana wanga analidziwa bwanji? Ndipo mbalame yomweyo, masiku atatu okha?"

"Wogulitsa timadigiri uja sanalembe dzina la mwana ndi benchi lanu m'kope?"

Ndinachita manyazi kwa nthawi yoyamba chaka chimenecho. Analembadi, ndipo ndine ndinamuuza zonse. Anati akufuna asalakwitse kalembedwe.

"Ifenso anatipeza choncho," anatero a Don Remigio. "Timapepalato amasindikiza ndi a kolejiwo, maina amawatenga madzulo. Si mizimu imeneyo, ndi malonda. Mawa m'mawa pitani ku ofesi ya boma yoona za maphunziro. Kufunsa n'kwaulere."

Lachinayi tinatseka mabenchi, chinthu chimene sitichita ngakhale tikudwala. Mayi wa pa desiki, a Zenobia Callisaya, anatembenuza kompyuta yawo kuti tione tokha mndandanda wa masukulu ovomerezeka. Koleji ija inalipo, koma chilolezo chake chinali cha timaphunziro ta kompyuta ta miyezi itatu basi. Digiri ya akaunti inalibe chilolezo chopereka.

"Musamangofunsa ngati sukuluyo ili m'kaundula," anatero. "Muzifunsa ngati maphunziro amene mwana akufunawo ndi ololedwa pa sukuluyo. Ambiri amagwera pamenepo."

Anationetsanso koleji ya boma ya ntchito zamanja ndi zamalonda, imene imaphunzitsa akaunti zaka zitatu. Mabuku ndi thiransipoti zikanakwana mabolivyano 6,000 pa zaka zonsezo, koma Wara anayenera kukhoza kaye mayeso olowera.

"Inenso musangondikhulupirira," anawonjezera. "Pitani mukapemphe manambala a amene anamaliza kumeneko, mukaonane nawo."

Masana omwewo Wara anaonana ndi awiri, anthu amoyo, okhala pa madesiki awo. Wina ankalandira 3,500, wina 3,000. Ali mu minibasi anawerengera kuseri kwa kabuku konyezimira kaja.

"Amayi, ngakhale nditayambira pa 3,000, ndalama yoonjezera ndi 1,500 pa mwezi. Miyezi inayi yokha, 6,000 yabwerera. Ndipo makalasi ndi a m'mawa, masana ndizikuthandizani pa benchi."

Lachisanu mayi wa tchizi uja anafika ndi ndalama zake atazimanga pansalu. Eusebia anazungulira benchi lake kawiri, n'kudzandikokera pambali.

"Komadre, kukana chinthu chimene tinachifukizira lubani, si kudziitanira tsoka?"

"Tinapempha digiri, komadre. Sitinapemphe mbalame."

Anapumira m'mwamba, n'kubwerera kwa wogulayo. "Pepani mayi, ndakutayitsani nthawi. Benchili silikugulitsidwa." Mayiyo anatukwana mpaka ku geti, koma kutukwana sikuthyola fupa.

Foni ya Eusebia inayamba kulira. Anali Lisensiyado. Inalira kasanu ndi katatu iye akungoyeza mbatatesi za makasitomala. Kachisanu n'chinayi anaiyankha, ine khutu ndili pomwepo.

"Mayi Limachi, nthawi ikutha. Malo a Wara..."

"A Lisensiyado, ndalama zilipo. Mungotipatsa kaye nambala ya Nélida Ticona, tilankhule naye."

Tinkamva kupuma kokha. Kenako foni inaduka, ndipo sanaimbenso.

Chaka chotsatira kolejiyo inapezeka yokhoma ndi loko, pachitseko atamatapo chikalata cha boma. Ndinaona makolo ataima panja ndi malisiti m'manja, akuyang'ana mawindo a pamwamba. Awiri mwa iwo anali a mumzere wathu womwe wa mumsika, anthu amene anagulitsa mabenchi awo osauza aliyense. Ndinalira, chifukwa akanangotsegula pakamwa tikanawatsina khutu.

Wara anakhoza mayeso olowera, anaphunzira zaka zake zitatu, ndipo lero amasunga mabuku a ndalama pa kampani yogulitsa zipangizo zomangira. Mng'ono wake akumulipirira sukulu ndi iyeyo. Eusebia akadali pa benchi lake, kundilongolola m'mawa uliwonse kuti utsi wa mbaula yanga ukumutsokomoletsa.

Makolo anzanga, maphunziro ndi chuma, koma si pepala lililonse limene limabweza ndalama. Musanagulitse chinthu chimene chimakudyetsani, pitani ku ofesi ya maphunziro mukaone ngati maphunzirowo ndi ololedwa. Kaonaneni ndi amene anamaliza, muwafunse kumene akugwira ntchito ndi zimene akulandira. Kenako khalani pansi ndi mwana wanu, muwerengere kuti ndalama yoonjezerayo idzabweza fizi patapita nthawi yaitali bwanji. Sukulu yabwino siopa mafunso. Amene akukuthamangitsani kuti mulipire Lachisanu akuopa zimene mungamve Loweruka.