Njerwa za a Mwale Sizinamange Mvula

Mvula itadula ku Mkanda, m'boma la Mchinji, anthu anayamba kufunafuna amene wayimanga, ndipo sanachedwe kumupeza. Anali a Yohane Mwale, amene anali ndi uvuni wa njerwa zosaotcha kuseri kwa nyumba yawo.

Kumayambiriro kwa Novembala kunagwa mvula yamphamvu tsiku limodzi lokha. Makolo athu mvula yotere ankaitcha chizimalupsa, ndipo sankadzala nayo. Koma anthu ambiri, potopa ndi kudikira, anathamangira kuminda ndi mbewu. Chimanga chinamera bwino, kenaka dzuwa linakalipa, mmera nkupsa uli m'mizere.

M'masiku omwewo m'mafoni munalowa uthenga wa mawu. Anali mawu a mwamuna, ndipo ankati: "Abale, mvula siinadule yokha. M'mudzi mwanumo muli munthu wa njerwa. Wayimanga kuti njerwa zake zisasungunuke. Gumulani uvuni wakewo, muona mvula." Mwamunayo sanatchule dzina lake, sanatchulenso mudzi. Koma m'mudzi mwa a Mwale, wa njerwa anali mmodzi yekha.

Akazi awo, a Luwiza, amene anthu ankawaitana kuti aNambewe, anaiona nkhaniyi ku mjigo. Anapereka moni, koma palibe anayankha. Kumana munthu moni si chinthu chaching'ono, ndipo aNambewe anabwerera kunyumba akudziwa kuti zinthu zaipa.

Masana ake kunabwera a Stewart Nkhoma, oyandikana nawo nyumba, amene mbewu yawo yonse inapsa. Sanaodire. Anaima m'mphepete mwa bwalo nkufuula.

"A Mwale! Masulani mvula! Ana athu adya njerwa zanuzo?"

A Mwale nawonso anayankha ali chiimire, mokweza mawu. "Umbuli umenewo, a Nkhoma! Munthu wa imvi mukukhulupirira za pafoni? Munadzala nokha ndi chizimalupsa, lero mukuti ndine?"

"Mwanditchula mbuli? Chabwino. Loweruka tibwera ndi makasu, tidzaone ngati mbuli sizigumula uvuni."

A Nkhoma atachoka, a Mwale anakhala pakhonde atagwira tsaya. Khoma la nyumba yawo linali litang'aluka kuyambira pa zenera mpaka pansi, ndipo njerwazo anaumba chilimwe chonse kuti amange nyumba ina.

"Mawa ndiyatsa uvuni," anatero. "Njerwa zikapsa, atisiya."

"Bambo a Chisomo, nkhuni sizinakwane," anayankha aNambewe. "Komanso mwawanyoza a Nkhoma. Mukuganiza kuti moto wa uvuni uzimitsa moto umene mwayatsa ndi pakamwa? Ndiloleni ndikaonane ndi alangizi mawa. Mudikire kaye."

M'mawa mwake aNambewe anapalasa njinga mpaka ku ofesi ya zaulimi. Anapeza alangizi, mayi Dailesi Kachingwe, ali pansi pa mtengo wa mango ndi alimi achitsanzo a m'midzi yozungulira. Ankawaphunzitsa za nkhani yomweyi, ya mauthenga abodza okhudza nyengo. ANambewe anagwada, napereka moni kwa onse, nafotokoza vuto lawo.

"Mwachita bwino kubwera, aNambewe," anatero alangizi. "Khalani pamkekapo. Phunziro la lero mwabwera nalo ndinu. Tiyeni tiumve uthengawo."

ANambewe anautsegula pafoni. Mwamuna uja ali pakati poyankhula, mayi wina anaimika dzanja. Anali a Malita, akazi a tenanti wa pa esiteti ya fodya, ochokera ku Phalombe.

"Pepani alangizi, mawu awa ndikuwadziwa. Anazungulira kwathu zaka ziwiri zapitazo, mvula itavutanso. Dikirani, akamaliza atsokomola kawiri, ndiye kulira tambala."

Onse anatchera khutu. Mwamunayo anamaliza, natsokomola kawiri, tambala nkulira. Anthu anaseka mpaka ena kugwira nthiti.

"Tambala ameneyo anadyedwa kalekale," anatero bambo wina, "koma akulirabe ku Mchinji!"

Alangizi anadikira kuti phokoso lithe. "Mwaona. Uthenga uliwonse muziufunsa mafunso atatu. Wanena ndani? Wanena liti? Wanenera kuti? Uwu walephera onse atatu. Paja akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa."

"Nanga mvula yadula chifukwa chiyani?" anafunsa aNambewe. "A Nkhoma akandifunsa, ndikawauza chiyani?"

"Mukawauze zimene akudziwa kale. Afunseni kuti ali anyamata ankadzala mwezi uti, ndipo dambo linkauma liti. Nyengo yasintha padziko lonse. Utsi wa mafakitale ndi magalimoto, pamodzi ndi kutha kwa nkhalango, zachititsa kuti dziko litenthe kuposa kale. Ndiye mvula imachedwa, imadukiza, mwina kubwera yambiri tsiku limodzi. A zanyengo ananena pa wailesi kuti chaka chino ikhazikika mochedwa. Palibe munthu angayimange ndi chingwe kapena ndi mankhwala."

"Ndiye amuna anga alibe mlandu uliwonse."

"Pa kumanga mvula alibe. Koma mukanene zoona zokhazokha, ngakhale zokuwawani. Nkhuni zootchera uvuni zimachokera kuti?"

ANambewe anayang'ana pansi. "M'mphepete mwa mtsinje."

"Eya. Uvuni umodzi suletsa mvula, koma mitengo ikatha, nthaka imakokoloka ndipo madzi sakhala pansi. Mukabisa zimenezi, anthu adzati nanunso ndinu abodza."

Kenaka alangizi anamanga chitenje m'chiuno, nakwinya nkhope. "Tsopano ine ndine a Nkhoma. Yankhulani nane. Iwe Nambewe, mwamuna wako ndi mfiti!"

"Bodza limenelo! Inu simudziwa kanthu!" anatero aNambewe mosaganiza.

"Mwaluza kale," anatero alangizi, anthu akuseka. "Munthu amene mbewu yake yapsa ali ngati wofedwa. Pamaliro timayamba ndi pepani, sitiyamba ndi kuphunzitsa. Mukapite kwawo, osati pagulu. Mukaodire, mukakhale pansi, mukawamvere kufikira atamaliza. Mukatero mukawafunse mafunso, yankho alipeze okha. Munthu sakana mawu amene atuluka pakamwa pake. Tiyeni tibwerezenso."

Anabwereza kangapo, kufikira aNambewe atatha kutukwanidwa osabweza. Potsazikana, anatchula zoti amuna awo akufuna kuyatsa uvuni msanga.

Alangizi anapukusa mutu. "Taganizani. Mukaotcha mawa, mvula nkugwa mkucha, anthu adzati chiyani?"

ANambewe anayankha: "Adzati wamasula."

"Ndipo chaka chamawa adzagumula uvuni wa wina, mwina ndi kumuvulaza. Njerwa ndi zanu, sindingakulamuleni. Koma bodza ili lidzafa pokhapokha mvula itagwa uvuni uli chiimire, wosaotcha."

ANambewe atafika kunyumba nkuwafotokozera zimenezi, a Mwale anadzuka pampando. "Mayi a Chisomo, mukudziwa chimene mukupempha? Mvula ikazipeza zosaotcha, thukuta langa lonse lisanduka matope."

"Ndikudziwa, poti madzi oumbira ndinatunga ndine. Tizifolera ndi udzu. Zina ziwonongeka ndithu. Koma kodi tidzakhala bwanji m'nyumba yatsopano, m'mudzi mmene anthu satiyankha moni, Chisomo akutchedwa mwana wa mfiti kusukulu?"

A Mwale anayang'ana khoma long'aluka lija nthawi yaitali. "Uvuni sindiyatsa," anatero.

Lachisanu aNambewe anatengana ndi a Malita kupita kwa a Nkhoma. Anaodira kunja kwa mpanda, nadikira kufikira atayankhidwa. Anakhala pansi, naomba m'manja.

"Tabwera kudzapepesa, bambo. Tamva kuti mbewu yanu yonse yapsa. Komanso amuna anga anakuyankhani mopanda ulemu. Mawu amene aja sanali oyenera munthu wamkulu ngati inu."

A Nkhoma anali atakonzeka kukangana, ndipo kupepesaku kunawasowetsa poyambira. Anayankhula nthawi yaitali za mbewu, za ana awo asanu, za nkhokwe yopanda kanthu. ANambewe sanawadule mawu.

Atamaliza, aNambewe anafunsa modzichepetsa. "Bambo, amene anayankhula pafoni paja ndi ndani? Mwina mukuwadziwa, tikawafunse."

"Sindikuwadziwa. Ananditumizira ndi mphwanga."

"Tingaumvenso limodzi? Anzangawa ali ndi mawu."

A Malita ananeneratu za chifuwa ndi tambala, ndi zoti anaumva ku Phalombe zaka ziwiri zapitazo. Tambala atalira, a Nkhoma anayang'ana foniyo ngati yawaluma.

"Komabe mvula yadula," anatero mouma khosi.

"Yaduladi, bambo. Paja alamu anu amayendetsa thiraki kudutsa pa boda. Bwanji muwafunse za kutsidyako?"

A Nkhoma anaimba, natsegula mawu kuti onse amve. Alamu awo anali pamzere wa magalimoto ku Mwami. "Mvula? Alamu, kuno ndi fumbi lokhalokha! Kuchokera ku Chipata mpaka ku Katete chimanga chapsa. Bwanji, kwanuko yagwa?"

Foni inadulidwa. A Nkhoma eni ake ndiwo ananena chapansipansi: "Njerwa za a Mwale sizingafike ku Katete."

"Inu ndi akulu, munaona zambiri," anatero aNambewe. "Muli anyamata munkadzala liti?"

"Novembala asanafike pakati tinali titadzala, mvula osadukiza. Dambo la kumunsiku linkasunga madzi chaka chonse, tinkagwiramo ndi nsomba za mphuta zomwe. Zinthu zinasintha kale, a Mwale asanaumbe njerwa ndi imodzi yomwe."

Pamenepo aNambewe anafotokoza zimene anaphunzira za kusintha kwa nyengo, osabisa za mitengo ya kumtsinje. Anawauzanso kuti alangizi akuti mbewu yocha msanga, mtedza ndi mbatata zingathe kupulumutsa banja, ngati anthu adikira kuti nthaka inyowe mokwanira asanadzalenso.

Loweruka m'mawa anthu anafikadi ndi makasu. Anapeza a Mwale akufolera uvuni ndi udzu, a Nkhoma ataima patsogolo pake.

"Ndinakuitanani ndine, ndiye mundimvere ine," anatero a Nkhoma. Anawatsegulira uthenga uja, atawauziratu za tambala. Anawauza za ku Katete. Ena anaseka, ena anang'ung'udza.

"Nanga mvula ikapanda kugwa?" anafunsa bambo wina.

A Mwale anavula chipewa asanayankhe. "Abale anga, uvuni uwu sindiotcha mpaka mvula itagwa. Ngati ndayimanga ine, siigwa, ndipo mudzagumule. Ikagwa, mudzadziwe kuti munanamizidwa. Pa mitengo ya kumtsinje ndiye ndinalakwadi. Ndidzala ina, ndipo amene akufuna adzandithandize."

Anthu anabalalika, ena makasu ali paphewa, akuyang'anabe m'mbuyo. Masiku otsatirawo anali olemetsa. Kumwamba kunali mbee, ndipo ena ankadutsa pa a Mwale akuloza uvuni ndi milomo. ANambewe sanaleke. Ankapita ku mjigo, kutchalitchi ndi ku kalabu ya alimi, akuphunzitsa amayi anzawo mafunso atatu aja, ndipo moni anayamba kubwerera mmodzimmodzi.

Novembala ali kumapeto, masana ena, mitambo inadetsa kumwamba kuchokera kuzambwe. Mphepo inayamba kuulutsa udzu wa pa uvuni. A Mwale akulimbana nawo okha, anamva mawu kumpanda.

"Odi kuno!"

Anali a Nkhoma, atasenza pepala la pulasitiki limene ankafolera nalo fodya, pambuyo pawo pali amuna atatu mwa aja anabwera ndi makasu.

"Lowani, bambo!" anafuula a Mwale.

"Gwirani uko, a Mwale! Mvula yanu ija mwayimanga mosalimba!"

Anafolera akuseka, madontho akuwamenya kumsana. Mvula inagwa mpaka madzulo, nigwanso mawa lake, uvuni uli chiimire, wosaotcha. Njerwa za m'mbali zinasungunuka, koma zambiri zinapulumuka. Anthu anadzalanso nthaka itanyowa bwino, ndipo mu Januwale anadzala mitengo m'mphepete mwa mtsinje, dzenje loyamba atakumba a Nkhoma.

Tsono inu amene mukuwerenga, sungani mawu awa. Mvula simangidwa ndi munthu. Nyengo yasintha, ndipo tiyenera kusintha kalimidwe kathu pomvera alangizi ndi a zanyengo. Uthenga ukafika pafoni panu, musautumize kwa wina musanaufunse kuti wanena ndani, wanena liti, wanenera kuti. Ndipo mukapeza mnzanu wanamizidwa, musamutchule mbuli. Pitani kwawo, odirani, khalani pansi, mupepeseni pa zimene zamugwera, kenaka mumuuze zoona zonse. A Mwale anali ndi choonadi kuyambira tsiku loyamba, koma chinalowa m'nyumba mwa a Nkhoma tsiku limene aNambewe anachipititsa ndi ulemu.