Makiyi Ali M'thumba Lakumanzere

Laisensi yanga inali itatha zaka ziwiri m'chikwama, koma amalume anga, a Cuthbert, sankandilola kugwira chiwongolero cha galimoto yawo. Ankati msewu wa ku Phiri la Zomba sufuna digiri, umafuna mwamuna.

Loweruka lina tikukwera phirilo kukatenga matabwa, injini inatentha pakona pamene azimayi amagulitsa mapichesi. Amalume anatsika, nakulunga dzanja ndi chipewa.

"Dikirani izizire kaye, amalume," ndinatero.

"Iwe Lois, galimoto iyi ndimaidziwa kuposa mkazi wanga!"

Atangopotokola chivundikiro cha rediyeta, madzi owira anatumphuka n'kuwakhuthukira padzanja lamanja. Anavina pakati pa msewu uku akukuwa. Azimayi aja anathamangira pomwepo. Wina ankati tipake dzira, wina mankhwala otsukira mano. Amalume eni akewo ankafuna mafuta a mabuleki, monga amachitira kugalaja.

Ine ndinatenga chigubu cha madzi ozizira chimene tinanyamulira injini, n'kuyamba kuthira padzanjalo pang'onopang'ono. Madziwo atatha, mayi wina anakatunga ena pakamtsinje. Otsala tinamwetsa injini itazizira.

Dzanja linali litatuluka matuza, ndipo chipatala chinali kumunsi, kuseri kwa makona onse aja. Amalume anayang'ana giya, anayang'ana dzanja lawo, kenaka anayang'ana ine.

"Makiyi ali m'thumba lakumanzere. Usadalire mabuleki okha, utsike ndi giya yachiwiri."

Ndinakokera mpando kutsogolo, ndikuluma mlomo kuti asaone kuti ndikumwetulira.